N'chifukwa Chiyani Khansa ya M'magazi Imabwereranso?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:

Lero tikamba za khansa ya m'magazi, imene kuchipatala amaitchula kuti leukemia, ndipo pali funso limodzi limene ndikufuna tilikhalire pansi. Wodwala amalandira mankhwala, magazi n'kuoneka abwinobwino akawayeza, mwana n'kubwerera kusukulu, bambo n'kubwerera kuntchito. Ndiye patapita miyezi, pena zaka, matenda aja n'kutulukiranso ngati sanachokepo. Nthawi yonseyi amakhala ali kuti?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambe taona kumene magazi amachokera. Ambiri aife tinakula tikuganiza kuti magazi amapangidwa ndi mtima. Ayi, mtima umangopopa basi. Magazi amabadwira m'kati mwa mafupa, m'mafuta ofiira a m'mafupa. Mwa khanda, pafupifupi fupa lililonse limagwira ntchitoyi. Munthu akakula, imatsalira makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, m'nthiti ndi m'fupa la pachifuwa. N'chifukwa chake dokotala akamakayikira khansa ya m'magazi amabaya singano kumbuyo kwa chiuno n'kukoka timafuta pang'ono. Amafuna aone pamene magazi akubadwira, osati okhawo amene akuyenda kale m'mitsempha.

Ndipo ntchitoyi si yamasewera. Pamene ndikulankhula pano, thupi lanu likupanga maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Silingachitire mwina, chifukwa maselo a magazi sakhalitsa. Selo lofiira, lonyamula mpweya wabwino, limakhala masiku pafupifupi 120. Timaselo timene timaundanitsa magazi munthu akadzicheka sitikwanitsa n'komwe milungu iwiri. Maselo oyera ena, olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, amafa patangopita maola kapena masiku owerengeka. Tsono ngati onsewa amafa msanga chonchi, amene amawabereka tsiku ndi tsiku kwa zaka 70 kapena 80 ndani?

Ali m'mafupa momwemo, ndipo ndi ochepa zedi. Asayansi amawatchula kuti stem cells, koma ife muno tiziti maselo obereka. Selo lobereka limatha zinthu ziwiri. Likagawikana limatulutsa ana amene amapita kukakhwima, ena n'kukhala ofiira, ena oyera, ena oundanitsa magazi. Chachiwiri, ndipo ichi muchigwiritse, limatha kudzibereka lokha, kusiya lina lofanana nalo ndendende kuti mtundu usathe. Ana aja amagawikana mothamanga kangapo, n'kukhwima, n'kugwira ntchito, n'kufa. Koma kholo lawo limakhala phee. Nthawi yambiri limakhala lili mtulo, n'kumangodzuka mwa apo ndi apo. Ofufuza a ku Sanger Institute ku Britain anayerekeza mu 2018 kuti munthu wamkulu ali ndi maselo otere pakati pa 50,000 ndi 200,000 okha amene akubereka magazi ake onse.

Zoti maselowa alipodi zinayamba kutsimikizika mu 1961 mumzinda wa Toronto ku Canada. James Till ndi Ernest McCulloch ankaomba mbewa ndi cheza champhamvu chopha mafuta a m'mafupa, kenaka n'kuzibaya maselo otengedwa m'mafupa a mbewa zabwinobwino. Pakatha masiku 10 kapena kupitirira pang'ono, ankapeza timibulu pa kapamba wa mbewazo. Atafufuza anaona kuti kambulu kalikonse kanachokera ku selo limodzi lokha, koma m'kati mwake munali maselo a magazi a mitundu yosiyanasiyana, komanso ena otha kuyambitsa timibulu tatsopano mu mbewa ina. Dzina la Toronto mulisunge, tibwererakonso.

Khansa ya m'magazi ndi pamene dongosolo limeneli lasokonekera. Madokotala awiri, John Hughes Bennett ku Edinburgh ndi Rudolf Virchow ku Berlin, anailongosola m'chaka chimodzi, 1845, aliyense payekha, ataona magazi a akufa ali otuwa chifukwa cha kuchuluka kwa maselo oyera. Koma kuchuluka kumeneku n'kopanda phindu. Pa khansa yothamanga, maselowa ndi ana osakhwima. Ntchito saidziwa, nthawi yofa ikakwana safa, amangoberekana mpaka adzaze m'mafupa, abwino aja n'kusowa pobadwira.

Zizindikiro zonse zimachokera pamenepa. Maselo ofiira akachepa, munthu amayera m'maso ndi m'zikhatho, amafooka, amachita befu akangoyenda pang'ono. Oundanitsa akachepa, kamfuno amatuluka pafupipafupi, nkhama zimachucha magazi, pakhungu pamaoneka mikwingwirima popanda womumenya. Oyera enieni akachepa, thupi limangotentha, matenda akachoka awa kumabwera awa. Mafupa amaphwanya, mpaka mwana woti ankathamanga amakana kuyenda. Pena kapamba amatupa, m'khosi n'kuchita anabere.

Mwazimva zizindikirozi? Kwathu kuno aliyense anganene kuti ndi malungo, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola, chifukwa malungo ndi ofala pamene khansa ya m'magazi ndi yosowa. Sindikufuna mayi aliyense amene mwana wake watentha thupi usiku uno asowe tulo. Koma ngati ayeza malungo kangapo osawapeza, kapena mwana wamaliza LA koma akungoyererayerera, ndiye pabwerenso kutuluka magazi kapena kuwawa kwa mafupa, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti awerenge maselo onse a m'magazi. Kufunsa kotero si mwano kwa adokotala.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nanga selo labwinobwino limapenga bwanji?

M'kati mwa selo muli malangizo a mmene liyenera kukhalira, olembedwa pa ulusi wotchedwa DNA. Ulusiwu unakulungidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Nthawi iliyonse selo likamagawikana liyenera kukopera malangizo onsewa, ndipo pokopera sipalephera kulakwika. Zolakwika zambiri zimakonzedwa pompo, zina sizivuta kanthu, zina zimangopha selolo nkhani n'kuthera pomwepo. Cholakwika chikagwera selo lokhala ndi moyo wa masiku atatu, chimafa nalo limodzi. Koma chikagwera selo lobereka, limene likhalapo moyo wonse wa munthu, chimakhazikika, ndipo mwana aliyense wobadwa kwa ilo amachitengera.

Chitsanzo chodziwika bwino chinapezeka mu 1960 ku Philadelphia ku America. Peter Nowell ndi David Hungerford ankayang'ana maselo a odwala khansa ya m'magazi ya pang'onopang'ono yotchedwa CML, ndipo mwa wodwala aliyense ankaona kakromozomu kamodzi kofupika modabwitsa. Panatha zaka 13 osadziwa chimene chinakadula. Mu 1973 mayi wina wasayansi ku Chicago, Janet Rowley, anazindikira kuti palibe chimene chinatayika. Kromozomu nambala 9 ndi nambala 22 zinaduka n'kusinthana zidutswa. Pamene zidutswazo zalumikizana pamabadwa jini yachilendo, ndiko kuti kachigawo ka malangizo aja, yotchedwa BCR-ABL, imene imangolamula selo kuti gawikana, gawikana, osapuma. Chochititsa chidwi n'chakuti kromozomu yolakwikayi sipezeka m'khungu kapena m'minofu ya wodwala. Sanayamwire kwa makolo, ndipo sangapatsire ana ake. Imapezeka m'maselo a magazi okha, koma m'mibadwo yake yosiyanasiyana: mwa oyera, mwa amene adzakhale ofiira, ndi mwa obala timaselo toundanitsa. Izi zikutanthauza kuti ngoziyo inachitikira kwa kholo la onsewa, selo limodzi lobereka.

Kwa ana nkhani yake ndi yozizwitsa kuposa apa, ndipo amene anaiunika ndi mapasa. Pulofesa Mel Greaves wa ku Institute of Cancer Research ku London anatha zaka zambiri akufufuza mapasa ofanana amene onse awiri anadwala khansa ya m'magazi. Anapeza kuti mwa ana awiriwo DNA inaduka pamalo amodzimodzi ndendende, zimene sizingachitike kawiri mwangozi. Yankho lake n'lakuti cholakwikacho chinachitika kamodzi, mwa mwana mmodzi, adakali m'mimba, ndipo maselo olakwikawo anawolokera kwa mnzake kudzera mu nsengwa imene ankagawana. Umboni wina unachokera ku timadontho ta magazi timene m'maiko ambiri a ku Ulaya amatenga pachidendene cha khanda n'kusunga pa kapepala. Atabwerera ku timapepala ta ana amene anadzadwala ali ndi zaka zitatu, zinayi, zisanu, anapeza kuti ambiri anabadwa nacho kale cholakwikacho.

Koma tamvani mbali yotsitsa mtima. Gulu lomwelo litayeza magazi a mumchombo a makanda abwinobwino, linapeza kuti pafupifupi khanda limodzi mwa 100 lili ndi timaselo tonyamula cholakwika chofala pa khansa ya ana. Komatu mwa ana 100 otere, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amadzadwala. Ngakhale pa mapasa ofanana a msinkhu umenewu, nthawi zambiri mmodzi amadwala, mnzake n'kukula wathanzi. Ndiye kuti cholakwika chimodzi sichikwanira. Pamafunika chachiwiri, pena chachitatu, kugwera m'selo lomwe lija. Greaves amaganiza kuti chimene chimakankha gawo lachiwirili ndi mmene chitetezo cha mwana chimalimbanirana ndi matenda wamba, makamaka mwa ana amene sanakumane ndi tizilombo tambiri ali makanda. Maganizo amenewa akadali pa mtsutso.

Pano ndilankhule ndi inu amayi ndi abambo amene mukudwazika. Mawu akuti zinayamba m'mimba asakupatseni mlandu. Palibe chakudya chimene mayi anadya, palibe mwambo umene unadumphidwa, si tsempho, ndipo palibe amalume kapena agogo amene anachitapo kanthu usiku. Matendawa sapatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi wodwala, kufunda naye bulangeti limodzi. Mabanja apasuka chifukwa cholozana zala pa chinthu chimene chinachitika m'selo limodzi losaoneka ndi maso.

Kwa akuluakulu, masitepe omwewa amatenga zaka makumi. Mu 2014 ofufuza anayeza DNA ya m'magazi a anthu zikwizikwi opanda khansa, ndipo anapeza kuti mwa anthu opitirira zaka 70, pafupifupi mmodzi mwa 10 ali ndi banja limodzi la maselo obereka limene layamba kuposa anzake chifukwa cha cholakwika m'majini monga DNMT3A kapena TET2. Magazi awo amagwira ntchito bwinobwino. Chaka chilichonse, amene amafika pa khansa mwa iwo saposa mmodzi mwa 100. Ambiri amadzamwalira ndi ukalamba osadziwa n'komwe.

Zilipo zinthu zimene zimachulukitsa zolakwikazi. Chimodzi ndi cheza champhamvu. Mabomba atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, khansa ya m'magazi inayamba kuchuluka patapita zaka pafupifupi ziwiri, n'kufika pachimake patatha zaka 6 mpaka 8. Mtsikana wina wotchuka, Sadako Sasaki, anali ndi zaka ziwiri bomba likugwa, anakula akuoneka wathanzi, n'kudzamwalira mu 1955 ali ndi zaka 12. Onani kutalika kwa nthawi pakati pa kuvulala kwa selo ndi kudwala kwa munthu. China ndi benzene, mankhwala opezeka mu petulo ndi mu utsi wa fodya. Apa ndiye nkhani yatifika pakhomo, chifukwa tonse taonapo anyamata akupopa petulo ndi pakamwa kudzera pa paipi, kapena amakaniki akusamba girisi ndi petulo tsiku ndi tsiku. Ana obadwa ndi Down syndrome nawonso ali pachiopsezo chokulirapo. Koma kwa odwala ambiri, ngakhale mufufuze bwanji, simupeza chimene mungaloze.

(NYIMBO)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za khansa ya m'magazi ndi chifukwa chake imabwereranso. Tsopano tibwerere ku Toronto.

Kwa nthawi yaitali madokotala ankaona khansa ngati khamu la maselo ofanana, lililonse loopsa ngati linzake. Wasayansi wina wa mumzindawo, John Dick, anafuna kuyesa ngati zilidi choncho. Iye ndi Tsvee Lapidot ndi anzawo anatenga maselo a odwala khansa yothamanga yotchedwa AML n'kuwabaya mu mbewa zobadwa zopanda chitetezo cha m'thupi, zimene sizikana maselo a munthu. Akanakhala kuti maselo onse ndi ofanana, ochepa okha akanakwanira kudwalitsa mbewa. Koma zimene analengeza mu 1994 zinali zina: pafupifupi selo limodzi lokha mwa 250,000 ndi limene linkatha kuyambitsa matendawa mwatsopano.

Patapita zaka zitatu, mu 1997, Dominique Bonnet ndi John Dick anapitiriza. Anasankhula maselo a khansa potengera zizindikiro za pakhungu lawo, n'kupatula kagulu kakang'ono kamene kanali ndi chizindikiro chotchedwa CD34 koma kopanda CD38. Umu ndi mmenenso maselo obereka abwinobwino amaonekera. Kagulu aka kakabayidwa mu mbewa, ngakhale maselo ake akhale ochepa, kankabala khansa yathunthu, yofanana ndi ya wodwala uja. Akatenga maselo mu mbewa yodwalayo n'kubaya ina, nayonso inkadwala. Koma khamu lotsala lija, ngakhale alibaye lochuluka bwanji, silinkaphula kanthu. Ndiye kuti khansa nayo ili ndi makolo ndi ana. Inatengera dongosolo lonse la magazi abwino: pamwamba pali ochepa obereka, pansi pali unyinji umene umadzaza magazi koma ulibe tsogolo.

Aliyense amene analimbanapo ndi chulu pakhomo akudziwa zimene ndikunena. Mungagumule dothi lonse, kuthira mankhwala, chiswe n'kufa mulu. Sabata ziwiri, zitatu, pabwalo pali mbee. Mvula ikangogwa, kadothi konyowa kayambanso kutumphuka pomwe paja. Chiswe chimene munapha ndi chimene chinkadya denga lanu, inde, koma chobereka chinali pansi, m'kachipinda kake kolimba, osayenda, osaoneka. Akuluakulu amadziwa kuti chulu chimatha pokhapokha mwakumba mpaka mwatulutsa manthu.

Nanga manthu wa khansa amapulumuka bwanji mankhwala? Mankhwala ambiri a khansa amapha selo pamene likugawikana. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumachita zilonda, popeza maselo a m'malo amenewa amagawikana mothamanga. Koma paja tinati selo lobereka limakonda kugona. Mankhwala amadutsa ilo lili mtulo. Lilinso ndi timapampu pakhungu lake totulutsa poizoni akalowa, ndipo limakhala m'ngodya za m'fupa momwe maselo oyandikana nalo amalitchinjiriza. Mu 2017 gulu la John Dick linayerekeza magazi a odwala AML a tsiku limene anapezeka ndi matenda ndi a tsiku limene matenda anabwerera. Linapeza kuti maselo amene anabweretsanso matendawo analipo kale pachiyambi pomwe, mankhwala asanayambe.

Tiikepo masamu pang'ono. Tsiku limene munthu akupezeka ndi khansa yothamanga, m'thupi mwake mumatha kukhala maselo a khansa okwana 1 thiriliyoni. Mankhwala a mwezi woyamba akapha 99 mwa 100 alionse, dokotala akayang'ana pa maikulosikopu saona vuto, wodwala akudya, akuseka. Koma otsalawo akhoza kukhala mabiliyoni.

Phunziro limeneli madokotala analiphunzira ndi misozi kalekale asanadziwe za maselo obereka. Mu 1948 Sidney Farber wa ku Boston analengeza kuti mwa ana 16 amene anawapatsa mankhwala otchedwa aminopterin, 10 anapezako bwino. Zinali zosamveka m'masiku amenewo. Koma kupeza bwinoko kunali kwa kanthawi, matenda ankabwerera. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1960, makamaka pachipatala cha St. Jude ku Memphis, pansi pa Donald Pinkel. Kumeneko anayamba kuphatikiza mankhwala angapo nthawi imodzi, kulondola maselo obisala mu ubongo ndi m'madzi a mumsana, ndiponso chovuta kwambiri kuchimvetsa, kupitiriza mankhwala kwa zaka ziwiri kapena zitatu pa mwana amene akuoneka kuti wachira kale. Lero m'maiko olemera, ana pafupifupi 9 mwa 10 odwala khansa ya ana yofala kwambiri, ALL, amachira.

Ngati muli gadiyani, mwina mukumvera muli m'wodi kapena pa khitchini ya chipatala, mawu awa ndi anu. Ndikudziwa kuti thiransipoti ndi yodula, kumunda kukudikira, ana ena atsala okha kumudzi. Ndikudziwanso kuti n'zowawa kuona mwana amene dzulo ankasewera mpira akusanza lero chifukwa cha dilipi, kapena akubayidwa jakisoni wa pamsana. Mtima umati, uyu wachira, bwanji tikumuzunza? Koma miyezi imene mwana akuoneka bwinoyo ndi imene mankhwala akudikira ogona aja kuti adzuke. Vuto la ndalama kapena mayendedwe likakukulirani, auzeni anamwino musanaganize zosiya. Matenda akabwerera amakhala ouma mutu kuposa poyamba, chifukwa obwererawo ndi amene anapirira mankhwala oyamba.

Nkhani ya CML ija ikuonetsa zomwezi mwa njira ina. Atadziwa jini yolakwika, asayansi anapanga mankhwala otseka pakamwa pake, ndipo dokotala Brian Druker wa ku Oregon ndi amene anatsogolera kuwayesa pa odwala. Dzina lake ndi imatinib, ena amawadziwa kuti Glivec, ndipo anavomerezedwa mu 2001. Kale munthu wopezeka ndi CML ankayembekezera zaka zochepa chabe. Lero womwa mapilitsi ake tsiku ndi tsiku amatha kukalamba ngati wina aliyense, ndipo kuyambira 2015 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Koma manthu safa nawo. Ku France anayesa kusiyitsa mankhwala odwala amene kwa zaka ziwiri makina amphamvu kwambiri sankapezanso kalikonse m'magazi awo. Zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti mwa 6 pa 10 alionse matenda anabwerera, ambiri pasanathe miyezi 6. Mwamwayi atayambiranso kumwa, mankhwala anagwiranso ntchito. Anayi otsalawo anakhala bwino popanda mapilitsi, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi anzawo chikufufuzidwabe. Kusiya kotereku kumachitika dokotala akuyeza magazi mwezi ndi mwezi, si kongoganiza wekha kunyumba.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nkhani ya maselo obereka khansa itatchuka, ofufuza anathamangira kukawasaka m'khansa zina. Mu 2003 analengeza kuti awapeza m'khansa ya m'mawere, posakhalitsa m'zotupa za mu ubongo. Ena anafika poganiza kuti chinsinsi cha khansa yonse chaululika. Ine ndimaona kuti apa chisangalalo chinatsogola umboni. Mu 2008 gulu la Sean Morrison ku Michigan linayesa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma pogwiritsa ntchito mbewa zofooka chitetezo kwambiri kuposa zoyamba zija, ndipo linapeza kuti selo limodzi mwa anayi alionse linkatha kuyambitsa chotupa. Pamenepo ndiye palibe za ochepa obisala. Zinaonetsanso kuti chiwerengero chimene mumapeza chimadalira mbewa imene mwagwiritsa ntchito. Kwapezekanso kuti m'khansa zina, selo wamba limatha kubwerera m'mbuyo n'kukhala lobereka, monga zimachitikira pa mitundu ina ya chiswe, kuti manthu akafa tiana tina timalowa m'malo mwake. Pa AML ndi CML umboni ndi wolimba. Kwina konse tiziyenda nawo mosamala, makamaka tikamva otsatsa malonda akulonjeza mankhwala a stem cell ochiza chilichonse.

Njira zofikira pa muzu zilipo, ndipo imodzi inachokera ku China. Pali mtundu wina wa AML wotchedwa APL, umene kale unkapha m'masiku ochepa chifukwa cha kutaya magazi. M'zaka za m'ma 1980 dokotala Wang Zhenyi wa ku Shanghai anayesa nzeru ina: m'malo mopha maselo osakhwima aja, bwanji tiwakakamize akhwime? Anagwiritsa ntchito mankhwala a mtundu wa vitamini A otchedwa ATRA, ndipo maselo anakhwimadi, n'kufa imfa yawo yachibadwa. Kumpoto kwa dzikolo, ku Harbin, Zhang Tingdong ndi anzake anali atayamba kale kuyesa arsenic, poizoni wodziwika, amene anamupeza m'mankhwala a sing'anga wa kumudzi. Mankhwala awiriwa akaphatikizidwa amaphwanya puloteni yolakwika imene maselo obereka APL amadalira, ndipo lero odwala oposa 9 mwa 10 olandira chithandizochi m'nthawi yake amachiriratu. Inde, mbali ina inachokera kwa sing'anga. Koma inakhala mankhwala pokhapokha atapatula chogwira ntchito, kuyeza mlingo, n'kuwerenga moona mtima ochira ndi akufa omwe.

Njira ina ndi kusintha mafuta a m'mafupa, ntchito imene inapatsa E. Donnall Thomas wa ku Seattle mphoto ya Nobel mu 1990. Amapha maselo obereka a wodwala, abwino ndi oipa omwe, n'kumuika a munthu wina. Chitetezo chatsopanocho chimasakanso maselo a khansa otsalira. Koma pamafunika wopereka wogwirizana naye thupi. M'bale wa bere limodzi amagwirizana naye kamodzi mwa kanayi. Akalephera abale amayang'ana m'kaundula wa odzipereka, monga wa ku South Africa amene anakhazikitsidwa mu 1991, ndipo m'makaundula a padziko lonse anthu akuda ndi ochepa kwambiri. Chithandizochi n'chodula, n'choopsa, ndipo wodwala wa kuno amayenera kupita kunja, monga ku South Africa kapena ku India.

Kuno kwathu ana odwala khansa amathandizidwa m'mawodi apadera pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Bungwe la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30, ndipo mu 2018 linaika cholinga choti pofika 2030 chiwerengerochi chifike 60 padziko lonse. Chimene chimapanga mpata umenewu si kusiyana kwa maselo. Ndi kufika mochedwa, kusiyira mankhwala panjira, ndi kusowa kwa zochirikiza wodwala pamene mankhwala agwetsa magazi ake.

Chachikulu mwa zochirikizazo ndi magazi. Pa milungu imene mafuta a m'mafupa ali chigonere chifukwa cha mankhwala, wodwala amakhala ndi moyo pa magazi a anthu ena. Maselo ofiira amasungika m'firiji kupitirira mwezi, koma timaselo toundanitsa tija timangokhala masiku pafupifupi asanu, ndiye sitingaunjikidwe kudikira tsiku la vuto. A Malawi Blood Transfusion Service akafika kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kuntchito kwanu, dziwani kuti ena mwa matumba amenewo amathera m'mawodi amene takambawa. Madzi a magazi amene mwapereka amabwerera m'masiku awiri, ndipo maselo ofiira amakhala atabwerera pakatha milungu ingapo.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba za ana, imene ndi yofala kuno kwathu ndipo ili pa ubale ndi malungo.

(NYIMBO YOTSEKERA)